Magitala amene anaima pa malire a Jenda

Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M1 kuchokera ku Kasungu kulowera ku Mzuzu amapadziwa pa Jenda. Basi ikangoima, mazenera amadzaza ndi mabeseni a tomato, anyezi ndi mbatatesi, ndipo wapaulendo amene sanagule kanthu amakafika kwawo ndi manyazi. Koma ndi ochepa amene amazindikira kuti akaima pamenepo amakhala atatsala pang'ono kuponda dziko la eni. Zambia ali pafupi, kungodutsa minda ingapo. Anthu a uku ndi a uko ndi amodzi: a Nyirenda, a Tembo, a Jere, a Nyirongo. Amakwatirana, amaikana maliro, ndipo Chitumbuka cha ku Lundazi munthu wa pa Jenda sachifunira womasulira.

Malire amenewa sanalekanitsepo mbumba, komabe m'zaka za m'ma 1970 analekanitsa nyimbo. Mtundu umodzi wa nyimbo zochokera kunja unafika m'maiko awiriwa nthawi imodzi. Ku Zambia unagwera pa nthaka yonyowa, unamera, nubala zipatso zomwe dziko lonse lapansi likudya mpaka lero. Kuno kwathu unapeza chitseko chotseka. Ndikufuna tikambirane za nyimbo zimenezi, za luso la oziimba ndi nzeru zomwe anabisamo, komanso za zomwe ife a mbali ino tinataya osadziwa.

Tiyambe ndi chaka cha 1973, poti zambiri zinakumana m'chaka chimenechi. M'mwezi wa Malichi, gulu la ku London lotchedwa Pink Floyd linatulutsa chimbale cha The Dark Side of the Moon. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya Malawi inakhazikitsa lamulo la kavalidwe, lija linaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi madiresi aafupi, ndipo amuna a tsitsi lalitali nawo sanasiyidwe. Ku Zambia, boma la Kenneth Kaunda linali litangotseka zipani zina n'kutsala ndi UNIP yokha, monga momwe kuno kunalili MCP yokha. Choncho musaganize kuti uko kunali ufulu wa ndale pomwe kuno kunalibe, ayi. Onse anali maboma a chipani chimodzi. Kusiyana kunali pa momwe atsogoleri awiriwa ankaonera mnyamata wonyamula gitala.

Nyimbo zosathamangira

Kodi nyimbo zomwe azungu amati progressive rock n'zotani? Kale nyimbo ya pa wailesi inkayenera kutha m'mphindi zitatu: mnyamata akonda mtsikana, mtsikana akana kapena alola, basi yatha. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 achinyamata ena a ku Mangalande anatopa nazo. Mbale yaikulu ya galamafoni inkanyamula mphindi pafupifupi 20 mbali imodzi, tsono iwo anati, bwanji tisadzaze mbali yonseyo ndi nyimbo imodzi yokhala ndi chiyambi, pakati ndi mathero, ngati nthano ya agogo? Anabwereka kaimbidwe ka m'tchalitchi, ka jazi ndi ka magulu akuluakulu a zeze ndi malipenga, n'kuzisakaniza ndi gitala yamagetsi.

Ambiri amati khomo linatsegulidwa mu Okutobala 1969 ndi gulu la King Crimson, lotsogozedwa ndi katswiri wa gitala Robert Fripp, pa chimbale cha In the Court of the Crimson King. Nyimbo yoyamba m'menemo ndi yaukali ngati moto wolusa wa m'chilimwe, ndipo ikunena za munthu wosokonezeka mutu ndi nkhondo, pa nthawi yomwe mabomba anali kugwa ku Vietnam. M'chaka cha 1971 a Jethro Tull anatulutsa Aqualung, momwe Ian Anderson, uja ankaliza chitoliro ataima ndi mwendo umodzi ngati kakowa, anafunsa funso lomwe ngakhale pa Embangweni likhoza kuyambitsa mkangano: kodi Mulungu ndi mpingo n'chinthu chimodzi? Chaka chotsatira anthu omwewa anapanga Thick as a Brick, nyimbo imodzi yokha yodzaza mbali zonse ziwiri za mbale, mphindi zoposa 40. M'chaka chomwecho cha 1972 a Yes anatulutsa Close to the Edge. Nyimbo yake yaikulu imatenga mphindi 18, ndipo maganizo ake anachokera m'buku la Siddhartha la Hermann Hesse, lokamba za munthu amene anasiya chuma cha kwawo kukafuna tanthauzo la moyo, n'kukalipeza m'mbali mwa mtsinje.

Koma chimbale chomwe chinafika patali kuposa zonse ndi cha Pink Floyd chija. Mitu yake ndi inayi, ndipo palibe umodzi wachilendo kwa Mmalawi: nthawi yomwe imatha munthu akuti ndiyamba mawa, ndalama zomwe zimasandutsa m'bale kukhala mdani, misala, ndi imfa. Za misalazo sankazinena zongomva. Mnzawo amene anayambitsa gululo, Syd Barrett, anadwala maganizo mpaka anasiyana nawo mu 1968, ndipo chilonda chimenecho chimamveka m'mbale yonse. Chimbalechi chinakhala pa mndandanda wa mbale zogulidwa kwambiri ku America kwa masabata 741, kuchokera mu 1973 mpaka 1988. Taganizani, nyimbo zokumbutsa munthu kuti adzafa, koma anthu n'kumazigula zaka 15!

Chomwe ndimagoma nacho ine n'chakuti nzeru za m'nyimbozi sizili m'mawu okha. Zili m'zala. Tengani nyimbo ya Money. Nyimbo zambiri zovina timaziwerenga mpaka kanayi n'kubwereza, koma besi ya nyimboyi imawerenga mpaka kasanu ndi kawiri, moti phazi likafuna kuponda limapeza kuti sitepe imodzi yasowa. Imayenda motsimphina ngati munthu wa ngongole, ndipo ngakhale wosadziwa Chingerezi amamva kuti apa pali china chosakwanira. Tengani The Great Gig in the Sky, momwe mayi wina, Clare Torry, amalira ndi mawu opanda liwu lililonse lomasulirika. Amene anagonapo pa siwa, n'kumva mayi akuyamba kubuma m'bandakucha, safunika kumuuza kuti nyimboyo ikunena chiyani.

Mkuwa ndi magitala

Nanga zinafika bwanji kwa anansi athu? Zambia italandira ufulu mu 1964, mkuwa unali pa mtengo wabwino. M'matauni a migodi monga Kitwe, Ndola, Chingola ndi Mufulira munali malipiro a pamwezi, magetsi, maholo a zisangalalo ndi masitolo ogulitsa mbale zochokera ku London. Ana a ogwira ntchito m'migodi, ena mwa iwo makolo awo ochokera kuno ku Mzimba, anakula akumva Jimi Hendrix, Rolling Stones, Deep Purple ndi Black Sabbath. James Brown anakaimba ku Zambia mu 1970. Kunafikanso gulu la Osibisa, la anyamata a ku Ghana, Nigeria ndi zilumba za Caribbean okhala ku London, lomwe linaonetsa kuti ng'oma ya kumudzi ndi gitala yamagetsi zikhoza kudyera mbale imodzi. Zikuto za mbale ziwiri zoyamba za Osibisa, zija za njovu zouluka, anajambula ndi Roger Dean, yemweyo amene ankajambulira a Yes. Ubale wa nyimbo za ku London zija ndi za kuno unali wapafupi chotero.

Zomwe zinabadwa pamenepo anazitcha Zamrock. Kunena zoona, si zonse za Zamrock zomwe tingaziike m'thumba limodzi ndi King Crimson. Zambiri zinali zaukali, zazifupi, za gitala yokhadzula. Koma mtima wofuna kupitirira nyimbo ya mphindi zitatu, wopanga chimbale chokhala ndi mutu umodzi, wosakaniza zakwawo ndi zakunja mopanda mantha, unali womwewo. A Musi-O-Tunya, gulu lomwe Rikki Ililonga anali m'modzi mwa oliyambitsa, anakakhala ku Nairobi ndipo chimbale chawo cha Wings of Africa cha 1975 chili ndi nyimbo zazitali za malipenga ndi ng'oma zolukanalukana. A Amanaz a ku Kitwe anatulutsa chimbale chimodzi chokha, Africa, mu 1975, chodekha ngati madzulo a tsiku la maliro. A WITCH, otsogozedwa ndi Emmanuel Chanda, amene anthu anamutcha Jagari pomufanizira ndi Mick Jagger, anayamba ndi zotengera azungu, koma pofika pa Lazy Bones mu 1975 ndi Lukombo Vibes mu 1976 anali atapeza njira yawoyawo.

Ndiye panali Paul Ngozi. Dzina lake lenileni linali Paul Dobson Nyirongo, ndipo mukaima pa msika wa Jenda n'kuitana kuti “a Nyirongo!” atembenuka anthu angapo. Anabadwa mu 1949, anaimbako ndi a Musi-O-Tunya, kenaka anayambitsa Ngozi Family, momwe ankaimba pamodzi ndi Chrissy Zebby Tembo pa ng'oma ndi Tommy Mwale pa besi. Anthu atatu okha, koma phokoso ngati la chigayo. Gitala ankailiza mpaka ndi mano. Ankaimba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja cha ku Lusaka, chija timachiseka kuno koma timachimva bwinobwino, ndipo nkhani zake zinali za m'makomboni: njala, uchidakwa, ana osiyidwa, ufiti, ndi tsiku la chiweruzo. Mbale zake monga Day of Judgement ya 1976, 45,000 Volts ya 1977 ndi The Ghetto zikufunsa mafunso omwe aja a Pink Floyd, kungoti wofunsayo sanakhale m'nyumba yosanja ya ku London. Anali pa mzere wogula ufa.

Zonsezi sizinangochitika zokha. Kaunda, amene mwini wake ankaliza gitala, analamula chapakati pa zaka za m'ma 1970 kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo. Iye ankafuna kumanga dziko limodzi, mtundu umodzi. Koma wailesi ili ndi mimba yaikulu, imafuna nyimbo usana ndi usiku, choncho anyamata a tsitsi la nyankhalala ndi mathalauzi otambalala kumiyendo anapeza msika. Kampani ya Teal inkadinda mbale ku Ndola, ndipo Edward Khuzwayo wa Zambia Music Parlour ankajambulitsa magulu ndi kugulitsa nyimbo zawo. Woimba, situdiyo, fakitale, sitolo ndi wailesi zinagwirana manja. Paja mutu umodzi susenza denga.

Mbali ino ya malire

Kuno zinthu zinali zina. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, ndipo chilichonse chomwe akuluakulu sanachikonde chinkaletsedwa. Achikulire amakumbukira kuti ngakhale nyimbo ya Cecilia ya Simon and Garfunkel inaletsedwa chifukwa cha dzina lokhalo. Alendo a tsitsi lalitali ankametedwa pofuna kulowa m'dziko. Wailesi inali imodzi, MBC, ndipo kwa zaka zambiri woimba wofuna kujambula nyimbo ankadalira situdiyo ya wailesi yomweyo. Wailesi ya kanema sitinaione mpaka 1999. Kwa anthu a ku Mzimba panali chilonda china chapadera: mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi, ndipo chinabwererapo mu 1994.

Tsono nyimbo yofunsa kuti kodi amene akutilamulira ali bwinobwino m'mutu ikanaimbidwa pati? Oimba athu sanali opusa, ndipo luso anali nalo. Koma anaphunzira kubisa mawu m'miyambi, kapena kuimba zachikondi, zamapemphero ndi zotamanda. Nyimbo yaitali, yofufuza, yosavinika, imafuna malo oyesera, zida zodula, ndi omvera osayang'ana kumbuyo kuti akumva ndani. Zitatu zonsezi kunalibe.

Komabe mbewu ina inagwera m'ming'alu. Wambali Mkandawire, wobadwa mu 1952 ku Congo n'kukulira ku Mlowe m'boma la Rumphi, anali woimba wamkulu wa gulu la Sounds Pentagon m'zaka za m'ma 1970, ndipo ankayesa kulumikiza rock ndi maimbidwe akumudzi. Gululo linatha chifukwa chosowa ndalama, iye n'kutembenukira ku nyimbo zauzimu. Koma mukamvetsera chimbale chake cha Zani Muwone cha 2002, mumapeza munthu amene sanasiye kuganiza mozama ndi zoimbira: nyimbo zosintha mayendedwe pakati, mawu a Chitumbuka olemera ngati mwala, ng'oma za kumpoto zitavala jazi. Anatisiya pa 31 Januwale 2021. Ine ndimati Wambali ndi umboni wa zomwe dziko lino likadakolola mochuluka chitseko chija chikadakhala chotsegula.

Mphepo ilibe chiphaso

Boma likhoza kumeta tsitsi, koma mphepo silingaifunse chiphaso. Mawu a wailesi ya ku Lusaka ankadutsa malire usiku osaima pa chipata, ndipo anthu obwera kutchuthi kuchokera ku migodi ankanyamula mbale pansi pa zovala m'masutikesi. Amalume anga, kapena nditi asibweni monga timanenera kwathu, anagwirako ntchito ku Kitwe m'zaka zimenezo. Ankatiuza kuti akamabwera kumudzi ankayamba atsika pa Lundazi n'kufuna wometa, kuti akalowe kwawo ali mnyamata wabwino. Tsitsi linkatsala ku Zambia, nyimbo n'kuwoloka.

Ine ndinazimva mochedwa, ndili ku sekondale, galamafoni yawo itafa kale singano ndipo nyimbozo atazisamutsira pa makaseti. Tsiku lina ndinadandaula kuti nyimbo yatha mphindi zitatu woimba asanatsegule pakamwa.

“Asibweni, kodi tepiyi siinaonongeke? Nanga aimba liti?”

“Iwe muphwa, ukapita ku vimbuza umafunsa kuti athera pati? Khala pansi. Usamvere onse pamodzi. Yamba watsata besi yokha mpaka kumapeto, kenaka tibwezanso utsate ng'oma.”

Tinaibweza kanayi, mabatire mpaka kufooka. Ulendo wachinayi ndinamva chomwe ankanena: anthu asanu, aliyense akuyenda njira yake, koma onse n'kukumana pa mphambano imodzi osagundana. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mawu awo onena za vimbuza ndakhala ndikuwasinkhasinkha, ndipo ndikuona kuti khutu la munthu wa ku Mzimba linakonzekera nyimbo zoterezi kalekale. Vimbuza, gule wochiza amene bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chuma cha anthu onse mu 2005, sathamangira. Amayi ndi ana amazungulira wodwala akuimba ndi kuwomba m'manja, amuna ali pa ng'oma, ndipo ng'oma iliyonse ili ndi mayendedwe ake, ina ikuwerenga kawiri pomwe inzake ikuwerenga katatu. Nyimbo imakwera pang'onopang'ono, imasintha mzimu wina ukafika, ndipo kukhoza kucha. Mutu wake ndi uja womwe unkawasautsa a Pink Floyd: munthu wovutika maganizo timuchite chiyani? Kusiyana kwake n'kwakuti azungu aja anaimba za mnzawo iye ali kutali yekhayekha, pomwe kwathu wodwalayo timamuika pakati pa bwalo, mudzi wonse n'kumuimbira. Pamenepa ndiye nzeru zakuya zili kwa ife.

Ingoma ya Angoni nayo ndi sukulu ya luso. Mulibe ng'oma m'menemo. Phazi, chishango ndi mawu a pakhosi ndizo zoimbira, ndipo amuna makumi angapo amaponda pansi nthawi imodzi osaphonya. Ndiponso kusakaniza zakunja ndi zakwathu si kwachilendo m'dera lino. Mukapatuka pa Jenda kulowera kumadzulo mufika pa Embangweni, pomwe m'busa wa ku Scotland, Donald Fraser, anakhazikitsa mishoni ya Loudon mu 1902. Iyeyu analimbikitsa Akhristu a Chingoni kupeka nyimbo zawozawo za m'tchalitchi pa maimbidwe a makolo, mpaka kumachititsa mipikisano. Anthu monga Mawelera Tembo ndi Peter Thole anapeka nyimbo zomwe zikuimbidwabe m'mipingo ya kumpoto. Zomwe anachita a WITCH ndi gitala m'ma 1970, agogo athu anali atachita kale ndi nyimbo za Mulungu zaka 70 m'mbuyo mwake. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, inde, koma wometa ndi mwini mudzi.

Kodi si za azungu osuta chamba?

Ndikudziwa kuti wina akuwerenga akugwedeza mutu. Akuti nyimbo zimenezi n'za ana a azungu okhuta, osuta chamba, olota ali maso pomwe anzawo kuno ankamenyera ufulu. Mbali ina akunena zoona. Magulu ena anafika podzitama, kunyamula zida zodzaza malole, woliza limba n'kumaliza yekha mphindi khumi anthu akuyasamula. N'chifukwa chake cha m'ma 1976 ndi 1977 achinyamata a punk anawaukira n'kubwezera nyimbo ku mphindi ziwiri zaphokoso. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Koma tisataye mwana pamodzi ndi nsanza. Mu 1980 boma la tsankho la South Africa linaletsa nyimbo ya Pink Floyd ya Another Brick in the Wall, chifukwa ana a sukulu onyanyala maphunziro a tsankho anaitenga kukhala nyimbo yawo ya pa msewu. Chaka chomwecho Peter Gabriel, amene kale anali woimba wamkulu wa gulu la Genesis, anatulutsa nyimbo yolira Steve Biko, uja anafera m'manja mwa apolisi mu 1977, ndipo inadziwitsa dzina la Biko kwa achinyamata ambirimbiri a ku Ulaya ndi America. Maboma ankhanza saletsa nyimbo yopanda mano. Akailetsa, dziwani kuti yaluma penapake.

Moto unazima, phulusa linatsala lofunda

Zamrock sinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa cha m'ma 1975, ndalama ya kwacha ya uko inayamba kufooka, ndipo munthu wosankha pakati pa mbale ya nyimbo ndi thumba la ufa sachedwa kuganiza. Nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inafika mpaka m'dzikomo: mu Okutobala 1978 ndege za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa Chikumbi pafupi ndi Lusaka, ndipo malamulo oletsa kuyenda usiku ndi kuzimitsa magetsi anapha madansi. Kenaka kunabwera disiko, makaseti okopera mwakuba, ndi kalindula. Chomaliza ndi chowawa kuposa zonse: Edzi inalowa m'zaka za m'ma 1980 n'kukolola m'badwo wonse wa oimba. Paul Ngozi anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 zokha. Mwa anyamata oyambirira a WITCH anatsala Jagari yekha, amene anakhalako mphunzitsi, kenaka n'kumakakumba miyala ya mtengo wapatali kutchire kuti apeze chodyetsa ana.

Ambiri ankayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Koma mbale zija zinali zitamwazikana m'masutikesi ndi m'misika ya kaunjika, ndipo otolera nyimbo zakale a ku Ulaya ndi America anayamba kuzisaka. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inazidindanso, ndipo mu 2017 inatulutsa mitolo iwiri ya Welcome to Zamrock. Mu 2019 kunatuluka filimu yofotokoza mbiri ya WITCH, yojambulidwa ndi Gio Arlotta wa ku Italy. Jagari anabwerera pa nsanja tsitsi litachita imvi, n'kuzungulira maiko, ndipo mu 2023 gululo linatulutsa chimbale chatsopano cha Zango patatha zaka pafupifupi 40. Mu 2024 woimba wotchuka wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family ya mu 1977 n'kumangirapo nyimbo yake ya Noid, moti achinyamata a ku New York ndi Tokyo anayamba kung'ung'udza Chinyanja osachidziwa. Mwana wa a Nyirongo anawoloka nyanja patatha zaka 35 ali m'manda.

Apa ndiye pali phunziro lowawa kwa ife. Anzathu aja anaukitsidwa chifukwa anasiya mbale. Chinthu chodindidwa chikhoza kugona m'fumbi zaka 30 n'kudzuka. Nanga anyamata athu amene ankaliza magitala m'maholo a Blantyre, Zomba ndi Mzuzu m'zaka zomwezo, osapeza owadindira mbale, tidzawamvera kuti? Zambiri mwa zomwe anaimba zinathera m'mphepo usiku womwewo. Lamulo la kavalidwe linafafanizidwa mu 1993, chaka cha riferendamu, ndipo tsitsi linameranso. Nyimbo yosajambulidwa simeranso. Madzi akatayika saoleka.

Zotsala zilipo, koma zili m'manja mwa anthu okalamba ndi m'makatoni odyedwa ndi chiswe. M'midzi ya Mzimba, Kasungu ndi Nkhata Bay muli mabanja a anthu amene anagwira ntchito ku Kitwe, ku Bulawayo ndi ku Joni, ndipo m'nyumba zina mbale ndi makaseti zikadalipo, ana akuzisandutsa zoseweretsa. Musanataye katundu wa malemu, tayang'anani kaye m'sutikesi. Ngati agogo amene ankaliza gitala m'bandi akadali moyo, khalani nawo pansi ndi foni yanuyo, muwajambule akufotokoza ndi kuimba. Masukulu athu a ukachenjede ndi nyumba zosungira mbiri azilandira zinthu zoterezi monga momwe amalandirira makalata a atsamunda, pakuti nazonso ndi mbiri ya dziko.

Ndipo kwa oimba achinyamata, amene lero situdiyo ili m'chipinda chogona ndipo palibe wokumetani pa chipata, funso langa ndi ili: ufulu umene akulu anu anausowa mukuuchitira chiyani? Palibe cholakwa ndi nyimbo yovina ya mphindi zitatu, tonse timaifuna pa ukwati. Koma dziko lomwe lili ndi vimbuza, ingoma, gule wamkulu ndi malipenga silingasowe woimba mmodzi wolimba mtima wotipatsa nyimbo ya mphindi 20 yofunsa za nthawi, ndalama, misala ndi imfa m'chinenero chathu. Omvera alipo. Anthu amene amachezera gule usiku wonse mpaka tambala kulira sangalephere kukhala pansi mphindi 20.